Mawu a Nabanda pa Kaseti

Lachinayi, Okutobala. Kwatentha, ndipo mtima wanga sunakhale m'malo.

Masana kunabwera Yohane, mdzukulu wa amene anamanga hotela yakale ija ya pafupi ndi njanji ku Golomoti. Akuitsegulanso Loweruka. Pokonza chipinda chovinira apeza kaseti ya bandi yomwe inkaimba kumeneko. Malemu mkazi wanga, Nabanda, ankaimba nawo ndi atsikana ena awiri. Ndinamuonera komweko, nditaima pawindo, poti opanda nsapato sankalowa.

"Agogo, podzaliza kasetiyo Loweruka mudzatilozere mawu a agogo Nabanda, tidzawatchule dzina pa maikolofoni," anatero Yohane. "Owadziwa mwatsala nokha."

Ndinavomera. Koma chichokereni iye ndakhala ndikuyesa kukumbukira mmene Nabanda ankaimbira, ndipo chimene ndikumva ndi kutsokomola kwake kwa kuchipatala ku Mua basi. Atatu aja akamaimba ankamveka ngati munthu mmodzi. Nanga ndikakaloza mawu a mkazi wa wina, anthu n'kuomba m'manja? Palibe amene angandikonze, ndipo chimenecho ndicho chikundiopsa.

Malaya ndasita, nsapato ndapukuta. Mwina ndikapemphe kuti ndiyambe ndamvera ndekha, anthu asanabwere, mwina...