Mapu a chambo ankatsegukira ku Mangochi

Aphungu,

Dzulo a Asiatu awaimitsa ntchito, ndipo amene ndinawaneneza ndine.

Ndimagwira ntchito ku bungwe lina la asodzi kuno ku Makanjira. Kompyuta yathu yaikulu ili ku ofesi ya ku Mangochi, ndipo amaiyang'anira ndi a Asiatuwo. Tonse timalowamo ndi dzina limodzi. Ine ndimalowa ndili konkuno kudzera pa ssh, njira yolowera m'kompyuta ya kutali, n'kutsegula pulogalamu ya mapu oonetsa malo amene chambo chimaswana.

Nditasintha laputopu mwezi watha, mapu anasiya kuoneka. Pankangobwera uthenga woti "cannot open display". Mnzanga Atumani anandipezera mzere pa intaneti, export DISPLAY=:0, ndipo ndinauika m'fayilo ya .bashrc ya pa kompyuta yaikuluyo, imene imawerengedwa munthu akangolowa. Uthenga uja unasiya, koma mapu osaonekabe. Lipoti lofunika nyanja isanatsekedwe linachedwa.

Nditawaimbira foni, a Asiatu anati, "Achimwene, kuno mapu akungotseguka okha pa sikirini yanga, lero kasanu." Ine ndinayankha mwachipongwe, "Ndiye majini a ku ofesi kwanuko aphunzira kompyuta?" Kenako ndinalembera komiti kuti a Asiatu anditsekera mapu dala. Mayiwa ndi amene anandiphunzitsa ntchitoyi, ndipo mawu awo aja akundisowetsa mtendere. Komiti ikumana Lolemba. Kodi ndinalakwa?

A.W., Makanjira

A A.W.,

Munalakwa, ndipo umboni mwaulemba nokha. DISPLAY imauza pulogalamu sikirini yoti ionekerepo, ndipo :0 ndi sikirini ya pa kompyuta yaikulu ija. Mukatsegula mapu ku Makanjira, ankatulukira pamaso pa a Asiatu. Majini aja ndinu. Mayiwa anakuuzani vuto lenileni, inu munasankha kuwaseka.

Yambani ndi kujambula mzere wa a Atumani, kenako muufufute. Mukatero tulukani, mulowenso ndi ssh -X, imene imabweretsa mapu pa sikirini ya laputopu yanu, n'kulemba echo $DISPLAY. Pakaoneka localhost:10.0 kapena nambala yoyandikira, njira yatseguka. Yesani ka pulogalamu kakang'ono ngati xclock musanathamangire mapu.

Pakapanda kuoneka kanthu, lowani ndi ssh -v -X muwerenge zimene kompyuta ikudandaula. Ndikukayikira laputopu yatsopanoyo, chifukwa vuto linabwera nayo. Ngati ili ya Windows, imafuna pulogalamu ya X yolandira mawindo, ndipo iyenera kukhala yoyaka musanalowe. Zikakanikabe, kwatsala kuona kompyuta yaikulu: pulogalamu ya xauth ikhalemo, ndipo m'fayilo ya sshd_config mukhale X11Forwarding yes. Wodziwa bwino zimenezo ndi a Asiatu, amene mwawachotsetsa pampando.

Ena akuuzani kuti njira ya ssh -Y m'malo mwa -X ndiye yachidule. Imagwiradi, koma imapatsa kompyuta inayo mphamvu zambiri pa sikirini yanu, choncho muziigwiritsa ntchito pa makina okhawo amene mumawadziwa. Mzere umene simukuumvetsa musamauike m'fayilo, ndipo uthenga wodandaula ukazimiririka sindiye kuti vuto latha.

Chisoni chanu sichibwezera munthu ntchito. Musanafufute mzere uja, ujambuleni pamodzi ndi tsiku limene fayiloyo inasinthidwa, ukhale umboni ku komiti. Aimbireni a Asiatu lero, asadzamvere kwa ena. Msewu wa ku Makanjira ndi wosadalirika, ndiye nyamukani Lamlungu, kuti Lolemba komiti ikamakhala pansi, woyamba kuyankhula mukhale inu.