Mayina m'kope la Stelia

Dambe, Neno
14 Epulo, 1959

Okondedwa amalume a Ezekiele,

Ndikhulupirira muli bwino ku Bulawayoko pamodzi ndi banja lonse. Kuno amayi chifuwa chija chachepa, ndipo chimanga chikukhwima.

Kalatayi ndapatsira munthu pamanja chifukwa za papositi zikufika zotsegula. Mukawerenga muiwotche.

Mwamva kuti boma likugwira anthu a Kongeresi. Kuno atenga asanu ndi awiri, pakati pawo a Zefaniya ndi a Laimoni. Asilikali sanafunse njira, anabwera ndi pepala n'kumaitana mayina. Onsewo anali pamsonkhano wathu wokana Chitaganya, umene tinachitira kudimba kwa a Laimoni. Dzina langa lokha panalibe. Tsono m'mudzi akuti muli kapirikoni, wogulitsa anzake kwa azungu, ndipo ambiri akuloza ine. Akuti maphunziro a ku Fort Hare ananditembenuza mtima.

Lamulungu lapitali ndinatsegula kope la mlongo wanga Stelia, n'kupezamo chimangirizo cha mutu wakuti "Tsiku la Loweruka". Paja tsikulo ndiye anatibweretsera thobwa kudimbako. Analemba zonse: amene anakhala pachitsa, amene anayankhula, mayina asanu ndi awiri mu ndondomeko yomweyo imene asilikali anaitanira. Ine anangondilemba kuti "achimwene anga", poti mwana waulemu satchula dzina la mlongo wake wamkulu.

Nditamufunsa, anayankha akumwetulira kuti aphunzitsi anachikonda kwambiri, mpaka kope linakagona kwawo masiku atatu. Kenaka anati, "Si ndinu munandiuza kuti wolemba bwino salemba kuti 'anthu ena', amatchula mayina?"

Ndinanenadi, amalume. Ndimafuna akhale mtsikana woyamba kuno kufika ku sekondale, ndipo ndinkamukalipira akalemba mwaulesi. Ine yemwe, amene ndimadzudzula akuluakulu kuti akuchedwetsa ufulu!

Sindikudziwa ngati anapereka mayinawo ku boma ndi aphunzitsiwo kapena mlamu wawo, mesenjala wa kuboma amene amadya nawo. Kope ndaliwotcha, koma chimangirizocho aphunzitsi anachiwerenga mokweza m'kalasi, mwana wa a Zefaniya ali momwemo. Dzulo mayi ake anafunsa amayi kuti kodi Stelia ali sitandade chani. Funso lotere sanafunsepo n'kale lonse.

Chonde tumizani mawu msanga, munene kuti mukumufuna Stelia adzakulerereni mwana. Ndikamukweza sitima ku Blantyre ndekha. Ali ndi zaka khumi ndi zitatu basi, sakudziwa chimene dzanja lake lachita, ndipo sindifuna adzachimve kwa mkazi amene mwamuna wake ali m'ndende.

Ine nditsala konkuno. Akanditchula kapirikoni sinditsutsa, kufikira iyeyo atawoloka Shire.

Mundiperekere moni kwa onse apakhomo. Ambuye akusungeni.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Gerishon