Boti Litadutsa pa Mlowe

Mlowe, Rumphi
Lolemba, 11 Ogasiti

Okondedwa achimwene a Hezron,

Choyamba ndimve za moyo wanu kuchilumbako. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Nanga alamu a Muriel ndi kamwana ali bwanji? Ife kuno Mulungu akutisunga. Amama bondo likuwavutabe akamakwera kumunda wa chinangwa, koma mukuwadziwa, salola munthu kuwalanda khasu.

Sukulu tinatsekera. Fomu 3 ndakhoza, ngakhale masamu ndangopulumukira pakamwa pa ng'ona. Mwera chaka chino wavuta chomene, moti a Mtende bwato lawo linang'ambika pamiyala sabata yatha. Iwowo ali bwino, angotaya ukonde.

Foni yanu ndaimbapo kasanu koma simukuyankha. Sindikukudandaulani. Mwinanso zakhala bwino, chifukwa zimene ndikufuna kunena sindikanatha kuzinena pakamwa. Ine pakamwa panga mpamene panalakwa.

Alamu ndiwo anauza Amama kuti eni boti anakuimitsani ntchito chifukwa cha nkhani ija ya pa wailesi. Akuti Lachiwiri la sabata yamawa mukaonekera pamaso pawo kuti aone ngati mubwerere pachiwongolero kapena ayi. Akutinso simukutuluka m'nyumba, chifukwa ana kumsika akumakuitanani kuti a Kungodutsa.

Achimwene, mnyamata wa sukulu amene analankhula pa wailesi paja ndine.

A wailesi sanatchule dzina langa, ndipo mwina mawu anga simunawazindikire, poti chaka chino asintha. Koma ndine, ndipo kope limene anati likusonyeza kuti boti lanu ndi losadalirika ndi langa. Ndiloleni ndifotokoze kuyambira pachiyambi, kenako muweruze.

Mukudziwa kuti ine ndilibe anzanga ambiri. Anzanga akamapita kumpira, ine ndimakwera pathanthwe lija la kuseri kwa tchalitchi. Chiyambireni ntchito yanu chaka chatha, Lachinayi lililonse ndakhala ndikulemba nthawi imene boti lafika, imene lanyamuka, mmene nyanja inalili, ndi hutala imene mwaliza. Palibe anandituma. Ndinkangofuna kukhala ndi gawo langa pa ntchito yanu. Sindinakuuzeni poopa kuti mundiseka.

Pa 17 Julaye paja ndinali pathanthwepo. Pagombe panali anthu oposa makumi anayi ndi matumba a usipa, ena atafika mmawa. Boti linatulukira mochedwa ndi maola atatu, likuvinitsidwa ndi mafunde. Litayandikira silinachepetse liwiro. Munaliza hutala katatu, motalikitsa, n'kupitirira kulowera ku doko la Chilumba.

Ine ndinamva ndipo ndinadziwa. Malemu Adada anatiphunzitsa tonse awiri: kamodzi ndiko kuti ndafika, kawiri ndanyamuka, katatu motalikitsa ndiko kuti ndanyamula wodwala, musandidikire. Ndinalemba pomwepo m'kope kuti, "Katatu. Muli wodwala." Asodzi akale akanadziwanso, koma amene anali pagombe tsiku limenelo ambiri anali ogula usipa ochokera ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Amama anali ku Mhuju kwa azakhali.

Anthu anakwiya, ndipo sindingawanene. Mayi wina, NyaGondwe, anakhala pathumba lake n'kumalira, akuti usipa wake wanyowa ndi mafunde ndipo ukayamba kununkha asanafike nawo kulikonse. Bambo wina anali ndi mwana wopita kukayamba ntchito kuchilumba. Wina anaponya mwala m'madzi ngati ungafike pabotipo.

Pakati pawo panali mtolankhani, dzina lake Laws, mnyamata ndithu wa msinkhu wanu. Nayenso amadikira boti lomwelo kuyambira mmawa, nsapato zili m'manja. Anandiona ndikutsika ndi kope ndipo anandiitana kuti, ada a kope, tabwerani kuno. Anandifunsa chimene ndimalemba. Nditamuonetsa anadabwa, nati m'dziko muno muli anthu olipidwa amene sasunga zinthu bwino chonchi. Anati ndili ndi mutu wa utolankhani.

Achimwene, palibe munthu anandiuzapo mawu otere.

Anatsegula pakati pa kope, pamasamba a Juni ndi Julaye, nawajambula ndi foni. Mukudziwa kuti imeneyo ndi miyezi ya mwera. Pamasamba awiriwo boti linachedwa kasanu ndi kamodzi pa maulendo asanu ndi umodzi. Masamba akumbuyo sanawatsegule, ndipo za tsikulo ndinali nditazilemba patsamba latsopano, kuseri. Ine ndinaona kuti sanatembenuze, koma ndinangokhala chete.

Kenako anandilozetsa foni kukamwa, anthu onse atandizungulira. Anafunsa ngati boti limachedwa kawirikawiri. Ndinati masiku ano inde. Anafunsa ngati lero laima. Ndinati ayi, langodutsa. Mawu akuti munaliza katatu anali palilime penipeni, koma NyaGondwe anali kundiyang'ana ndi misozi. Ndinaopa kuti ndikanena, wina afuula kuti ameneyu ndi mng'ono wake wa woyendetsa, akumuikira kumbuyo. Ndinameza mawuwo. Laws anathokoza kuti yewo chomene, nathimitsa foni.

Nkhaniyo inatuluka Loweruka masana. Tinali pakhonde ndi Amama tikusenda chinangwa. Anati woyendetsa boti wasiya anthu pagombe popanda chifukwa, ndipo kafukufuku wa mwana wa sukulu waonetsa kuti botilo silisunga nthawi. Kenako mawu anga: ayi, langodutsa. Anawabwereza kawiri. Pomaliza anati anayesa kuimbira eni boti koma sanayankhe. Za inu sananene kuti anakufunani.

Amama anaika mpeni pansi. Anati mawu amenewo anawabereka ndi iwo, ndipo angawadziwe ngakhale atabisidwa mumtsuko. Ndinawauza zonse. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anangondifunsa kuti hutala inalira kangati. Nditati katatu, anatenga mpeni n'kupitiriza kusenda. Patapita nthawi anati Adada anatiphunzitsa kumva, koma zikuoneka kuti anamwalira asanandiphunzitse kunena.

Sindinangokhala, achimwene. Laws anandisiyira nambala, ndiye ndinamuimbira pafoni ya Amama. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati bwanji sindinanene tsiku lomwelo. Ndinati nanga bwanji iye sanatembenuze tsamba. Anaseka pang'ono, nati tonse awiri tinali ndi changu. Anati zimene anaulutsa si bodza, boti limachedwadi ndipo anthu amavutikadi, ndipo pamenepo sindinamutsutse. Koma anavomera kuti anayenera kukufunsani inu. Analonjeza kukauza akuluakulu ake. Masabata atatu apita, wailesi ndikumvera tsiku lililonse, koma ili pa nkhani za feteleza.

Ndiye ndinayamba kufunsa amene amachokera ku Tcharo, kumene boti limaima lisanafike kuno. Lachisanu lapitali ndinapeza a Manasseh Mhango pamsika akugula mchere. Ndiwo amuna a mayi amene munanyamula uja. Anandiuza kuti mwana anakhala mopingasa m'mimba, ndipo anamwino a kwawoko anati akapanda kufika kuchipatala dzuwa lisanapendeke, ataya onse awiri. Akuti munawauza kuti pa Mlowe palibe doko, ndipo kutsitsira mayi wotero m'kabwato pamafunde amenewo n'kumupha, bola kuthamangira ku Chilumba kumene boti limagunda pouma. Akutinso munavula jekete lanu n'kumufunditsa.

Mayiyo ali moyo, mwananso ali moyo, wamkazi. A Manasseh sankadziwa n'komwe kuti mwaimitsidwa, chifukwa wailesi yawo ilibe mabatire. Atamva anagwira pakamwa. Alemba okha mawu awo patsamba lomaliza la kope langa, asaina, ndipo aikapo nambala ya mlamu wawo amene ali ndi foni. Ati eni boti akafuna, abwera ndi mwanayo kuti amuone ndi maso.

Kopelo ndi limene lili m'pulasitiki limodzi ndi kalatayi. Ndapatsira a Twambilile, amene amagulitsa matikiti, kuti akupatseni m'manja. Mpaka lero silinachokepo m'manja mwanga kupatula tsiku lija ndi pamene a Manasseh ankalembamo.

Alamu anati eni boti akukana buku lanu la ulendo poti munalemba ndinu nokha. Langali sangalikane, chifukwa ndi lomwe wailesi inalitama. Akaliwerenge lonse. Muli maulendo 58. Boti linachedwa maulendo 14, ndipo 11 mwa amenewo ndinalemba kuti kunali mwera. Awiri injini inavuta. Umodzi, wa mu Novembala, sindikudziwa chifukwa chake, ndipo sindinafufute. Sindinasinthe kalikonse, ngakhale pamene pakukuipirani, chifukwa ndaona kumene kuonetsa mbali imodzi kumafikitsa munthu.

Mupezamonso zina zimene sindinalembere anthu. Pena ndinalemba kuti lero achimwene anakweza dzanja, mwina anandiona. Musaseke kwambiri.

Pempho langa ndi ili. Lachiwirilo musapite nokha ndi mkwiyo. Tengani kopeli, ndipo akafunsa kuti mwana wa sukuluyo ndani, muwauze kuti ndi mng'ono wanu. Akafuna kuti ndilankhule, aimbe pafoni ya Amama. Ulendo uno nditembenuza tsamba ndekha.

Za kundikhululukira sindikukakamizani. Dzina limene ana akukuitanani nalo linatuluka pakamwa panga, ndipo ndikudziwa kuti kope silingalifufute msanga. NyaGondwe ndinakumana nawo, ndinawauza za hutala. Anati usipa wawo unaolabe, koma akanakhala iwo m'botimo akanafuna woyendetsa wotero. Anati ndikuuzeni zimenezo.

Amama akupereka moni. Ati muzimwa madzi otentha a mandimu, ndipo musamadzitsekere m'nyumba ngati mwaba. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo kamwanako mukauze kuti kali ndi adada aang'ono amene akuphunzira kulankhula. Mulungu wa Adada akutsogolereni pamaso pa anthu amenewo.

Masabata atatu awa boti likubwera ndi munthu wina. Amayendetsa bwino, koma amaliza hutala mmene wafunira, nthawi zina kanayi, ndipo ine sindidziwa cholemba. Lachinayi la pa 21 ndidzakhala pathanthwe paja. Kope ndilibe tsopano, ndidzangobwera ndi makutu. Ngati ndinu, lizani kamodzi.

Ndine mng'ono wanu,
Chikumbusko