Malo a Maambulansi pa Mphambano

Lolemba, 9 Febuluwale

Andiitana kumsonkhano wa kanselo. Ine, dalaivala chabe, zaka makumi awiri ndi zitatu pachiwongolero cha ambulansi. Akuti akufuna kumanga malo okhalira maambulansi atatu, othandiza Katete, Sinda mpaka Vubwi. Tauni yakula. Galimoto imodzi yomwe tili nayoyi yatopa ngati mwini wake.

Mkazi wanga Esther wasita shati yoyera. Akuti, “Polankhula musamakande m'mutu.”

Lachinayi, 12 Febuluwale

Mapu aakulu pakhoma, anthu a matayi. Injiniya wochokera ku Lusaka, a Judith Sakala, wamng'ono, msinkhu wa mwana wanga Tamara. Malo anasankha kale: kuseri kwa msika, poti ndi a kanselo, madzi ndi magetsi zili pafupi.

Kuseri kwa msika! Njira yotulukira imodzi, yodzaza minibasi, njinga, ngolo za tomato. Chaka chatha ndinaima pomwepo ndi mayi wotaya magazi, sailini ikulira, lole ya feteleza itatseka njira.

Sindinanene kanthu. Ndinamwa tiyi wawo n'kubwerako. Manyazi.

Loweruka, 14 Febuluwale

Esther: “Ndinasitiranji shati ngati munapita kukakhala duu?” Zowawa, koma sananame.

Lachiwiri, 17 Febuluwale

Ndinawadikira a Judith pakhomo la ofesi kuyambira seveni. Atafika, mawu onse ndinakonza aja anathawa. Ndinangoti, “Amayi, mapu saonetsa anthu. Kwerani ambulansi mukaone nokha.” Analemba m'kabuku kawo: Lachisanu, teni koloko.

Lachisanu, 20 Febuluwale

Anabweradi, wotchi m'manja. Kuchoka kuseri kwa msika kufika pa tala: mphindi khumi ndi zinayi. Mbuzi, wilibala, kondakitala wamwano. Ndiye ndinawatengera pa mphambano ya msewu wa ku Chanida, pamene pali malo a udzu okhaokha ndi chulu. Kuchoka pamenepo, mphindi imodzi uli pa tala, Sinda uku, Chipata uku.

Pobwerera anafunsa kuti mphindi khumi ndi zitatu n'chiyani kwa mayi amene ali pa matenda. Ndinati ndi kulira kwa khanda kapena kulira kwa maliro. Analemba zimenezonso.

Lachitatu, 4 Malichi

Zii. Ndamva kuti a Judith anapempha komiti ya kanselo kuti timange pa mphambano, ndipo mkulu wina wa komitiyo wakwiya, akuti dalaivala angasinthe bwanji pulani ya ophunzira. Komanso malo a pa mphambano aja ndi a mpingo wathu, mpaka mpingo uvomere.

Lero ulendo wa ku Vubwi. Kutitimira kawiri, anthu a m'mudzi kukankha. Wodwala, mdala wolumidwa ndi njoka, wafika wamoyo. Msana ukuwawa.

Lamulungu, 15 Malichi

Titatha mapemphero, nkhani ya malo. Ena ankafuna tidzamangepo mashopu. Ndiye anaimirira a Eunice Banda, amene mwana wawo anabadwira mu ambulansi yanga tili panjira. “Mashopu aja takhala tikuwamanga ndi pakamwa zaka khumi. Udzu uja tikuusungira ndani?” Manja onse m'mwamba kuvomera kupereka malo, kupatula awiri.

Ndinatuluka msanga. Mwamuna wamkulu, misozi.

Lachisanu, 27 Malichi

Zikhomo zakhomedwa pa mphambano! Zofiira, m'ngodya zonse. Komiti yavomera, mkulu uja anabweranso, anandipatsa moni wa dzanja.

A Judith akuti kumanga kudzatha kumapeto kwa chaka chamawa. Ine ndikupuma ntchito mu Disembala uno. Ndiye kuti sindidzatulutsapo galimoto pano ngakhale kamodzi. Chinandilasa, sindibisa.

Koma a Judith anandipatsa hamala ndi zikhomo ziwiri zomaliza. “A Lazaro, geti liyang'ane kuti? Odziwa ndinu.” Ndinakhoma moyang'ana tala, motalikirana, kuti magalimoto awiri azidutsana.

Akufunanso ndiwalembere malo onse oterera ndi otitimira, kuchoka ku Sinda mpaka ku Vubwi, kuti madalaivala atsopano adzawadziwe. Esther wandipatsa kope lake la kwaya lomwe linatsala masamba. Ndayamba. Ndili pa nambala naini, ndipo sindinatulukebe m'Katete.