Bango la m'chikwa cha mapira

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Pepani kuti ndikukudzutsani pa mpumulo wanu. Pensuloyi ndakhala ndikuitenga n'kuibwezanso, poti munkanena kuti wogona safunsidwa njira. Koma nkhani ndili nayoyi ikundiyabwa pakamwa, ndipo kumapeto kwake kuli funso limene angayankhe ndinu nokha.

Ndiyambe ndi zapakhomo, ndingaziiwale. Madzi a Shire chaka chino anafika pa mtondo paja koma sanalowe m'nyumba. Ataphwa tinabzala mbatata kudimba ndipo yaika bwino. Mapira mbalame zinatidyera mbali ya kumadzulo, thonje nalo lagwidwa mbozi pang'ono. Mbuzi yanu yamawanga inaswa ana awiri, wina ng'ona inamutenga padooko. Manda anu ndinalambula mvula itangotha, ndinazula ndi mizu yomwe.

Tsono mverani. Mdzukulu wanu Esitere, uja munamusiya akuphunzira kusinja, anakwatiwa ku Chiromo, ndipo mwezi wake wochira ndi uno! Akubwera kudzachirira kuno kwathu ku Marka. Azamba anena kale kuti akachira akhale m'chikuta chotseka mpaka mchombo wa mwana ugwe, mphepo isalowe, ndipo wokhala naye m'menemo akhale mayi wake. Ndikalephera ine, alowa apongozi ake. Amayi, mwana wanga mmodzi yekhayo, asambitsidwe ndi manja a eni ine ndili panja ngati mlendo?

Za matenda anga mukuzidziwa. Chitseko chikangotsekedwa, chifuwa chimandithina, thukuta lili kamukamu, miyendo n'kumafuna kuthawa yokha. Kutchalitchi ndimakhala pafupi ndi khomo. Sitima sindinakwerepo. Mfumba, mkeka uja wosoka ngati thumba umene anzanga amalowamo kuthawa udzudzu, ine ndimangouyala n'kugona pamwamba, udzudzu n'kumandidya. Pobadwa Esitere munasolola udzu padenga kuti ndizionako kumwamba, azamba akukukalipirani, inu n'kungoti, "Mphepo yanga ndi imeneyi, ndiidziwa ndine." Koma azamba a tsopano atero kuti denga lisakhudzidwe.

Luwiza, mng'ono wanga, anakwatiwa ndi a Zuze. Simunawaone, ndi munthu wamfupi wolankhula Chisena chothamanga. Pa nkhondo ija inatenga amuna ambiri, iwo ankatsuka zilonda pa chipatala cha matenti. Akuti kumeneko kunali asilikali amene anakwiririka m'maenje, atafukulidwa osafunanso kulowa ngakhale m'tenti, ndipo dokotala wina ankawachiza ndi mawu okha, a Zuze akumasulira. Atamva za chikuta anati, "Alamu, bwerani tiyese." Bambo a Esitere anakana poyamba, amati ndi zaufiti. A Zuze anaseka: "Mfiti yanji yopanda nsupa, yopanda nkhuku, yogwira ntchito dzuwa lili pamutu, mkazi wake akupeta pambali?"

Ndikuuzeni bwinobwino mmene amachitira, kuti musaganize kuti ndalowa zachilendo. Timakhala pansi pa mtondo masana, Luwiza alipo. Amamangirira batani lonyezimira la malaya a usilikali ku ulusi n'kuliyendetsa pang'onopang'ono pamaso panga. Amati ndizipuma ngati mwana wokhuta bere. Chisena chawo chothamanga chija chimazizira, n'kumayenda ngati bwato lopanda wopalasa. Amati zikope zalema, manja alema, ndipo amalemadi. Sindigona ayi, nkhuku ndimazimva, Luwiza akatsokomola ndimamva, koma mantha amakhala patali ngati ng'oma ya kutsidya. Ndili choncho amandiuza kuti ndikapanikiza chala chachikulu pa chinzake, mpweya uzibwera wokha.

Tsiku loyamba ndinadzuka n'kufunsa ngati ndinasiya moto pa mbatata. Luwiza anati, "Achemwali, inu ngakhale kumanda mudzadzuka kukaona ngati anatseka khola!" Koma tinapitiriza. Ndinalowa m'mfumba mpaka m'chiuno, kenako mpaka m'khosi. Lachinayi lapitali ndinalowa mutu womwe, Amayi! Ndinakhalamo mpaka Luwiza anamaliza kupeta lichero lonse. Ndinatuluka ndikuseka ngati kamtsikana, a Zuze akuwomba m'manja n'kumayamikira m'Chisena chawo kuti, "Pyadidi, alamu, pyadidi!" Bambo a Esitere, aja ankakana aja, anapita kukauza anthu padooko ngati achiritsa ndi iwo.

Chachikulu chinachitika dzulo. Nditalema zikope, a Zuze anati ndibwerere mmbuyo, kumene mantha anandipeza. Amayi, ndinafika kwathu kwakale kutsidya kwa malire, ndili kamwana. Anthu akufuula kuti ogwira anthu afika ndi mfuti. Munandinyamula n'kundiika m'chikwa, dengu lalikulu lija losungiramo mapira. Fungo lake ndinalimva, ndi kuyabwa kwake m'khosi. Ndinaona khoza lanu lamkuwa padzanja. Munati, "Khala chete ngati mbewu, mbewu silira." Kenako munavundikira.

Zimenezi simunandiuzepo, inenso sindinkazikumbuka. Koma ndinaonanso china. Mumdima muja munali kadontho ka kuwala. Musanavundikire munalasa bango m'mbali mwa chikwa, n'kundigwiritsa kuti ndizipumirapo. Zaka zonsezi thupi langa limakumbuka chivundikiro, bango linaliiwala! Ndinalira pansi pa mtondo mpaka Luwiza anataya lichero n'kundigwira, iyenso akulira osadziwa chimene tikulirira.

Chatsala ndi chimodzi. Ndimaona mukuvundikira, ndimamva mfuti, ndimagwira bango, basi pathera pomwepo. Kutuluka sindikukuona. A Zuze akuti kamwana kaja kakadali m'chikwa, n'chifukwa chake mfumba ndaitha koma chitseko chikadandiopsa. Akuti ndingoganiza ndekha kuti wina akuvundukula, zikwanira. Ndayesa, zikukanika. Mukundidziwa, ine sindiwerenga dzira nkhuku isanaikire. Sindingaike m'mutu mwanga nkhope yongopeka, mwina n'kupatsa ulemu munthu wolakwika. Akulu onse amene anawoloka nafe anatha, palibe wofunsa.

Ndiye ndiuzeni, Amayi. Anavundukula ndani? Ndinu, kapena atate, kapena munthu wongodutsa? Kunali kukadawala kapena dzuwa litapendeka? Nanga munati chiyani pondinyamula? Ngakhale liwu limodzi lokha, ndilitenga n'kupita nalo pansi pa mtondo.

Esitere atsika sitima Lolemba likubwerali, ndipo chikuta tikuchimata Loweruka. Chonde mundiyankhe Lolembalo lisanafike. Bwerani kutulo monga munabwerera chaka chija kudzandiuza za mbuzi yotayika. Ndizigona msanga, ndipo ndizigona m'mfumba, kuti udzudzu usandidzutse muli pakati polankhula. Musadabwe mukapeza mkeka wotseka, ndine ndili m'katimo!

Mukachedwa ndilowabe, koma ndikupemphani musachedwe. Ndikulonjeza kuti mdzukulutuvi wanu ndidzamusambitsa ndi manja angawa, ndipo akakhala wamkazi adzatenga dzina lanu. Bango ndadula kale kudambo, ndaliboola bwino ndi kuliyesa. Pomata chikuta ndidzalilasa m'munsi mwa khoma, kuseri kwa mtsuko, kumene azamba sayang'ana. Akadzalipeza ndidzawauza kuti mphepo yake ndi ya amayi anga, ndiidziwa ndine.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Mai a Esitere