Abambo ndi Madokotala Awo Awiri

Amayi anga, kodi kumene muliko kwacha bwanji?

Kuno ku Dubai kwacha ndi dzuwa lake lomwe lija, loti ukangotuluka panja umachita ngati watsegula uvuni. Lero ndi Lamlungu, tsiku langa lopuma, ndiye ndadzitsekera m'kachipinda kanga ku Al Twar kuno kuti ndikupatseni nkhani za kwathu. Ndikudziwa mukuseka kuti munthu ali kutali chonchi angadziwe chiyani za ku Mchinji, koma foni inandisandutsa mtolankhani. Nkhuku ikasowa kwa achimwene a Yohane, ine ndimamva wakubayo asanayambe n'komwe kuisosola.

Ndiyambe ndi zokoma. Alamu anga anachira bwinobwino, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Chipumi n'chanu, ndipo akafuna chinthu sapempha kawiri. Mtedza wachita bwino chaka chino, koma soya anatigwiritsa fuwa lamoto chifukwa mvula inadula akuchita maluwa. Mbuzi yanu ya mawanga ija inaswa awiri ndipo sinalape, ikudyabe mbewu za eni. Sabata yatha ndinakwera sitima ya Metro mpaka ku Deira, n'kuwoloka pa kabwato kupita ku Bur Dubai kukagula nsalu za khandalo. Mnzanga Misozi wa ku Chipata anangogwira m'chiuno n'kunena kuti, "Iwe, kamwana kamozi chabe, nyula zonse izi?" Ndinamuuza kuti sakudziwa mwini dzinalo.

Ntchito ndi yomwe ija, kusamalira mayi ake a abwana. Miyendo yawo yafooka koma pakamwa mpamoto. Ndikachedwa pang'ono ndi tiyi, "yalla, yalla," ndiye kuti fulumira, mpaka nyumba yonse kumva. Timagwirizana ndithu.

Tsopano ndikuuzeni za amuna anu, chifukwa ndi amene andikhalitsa pansi lero.

Abambo anapuma pantchito yawo ya ulangizi wa zaulimi. Mukulikumbukira khadi lija la inshuwalansi ya kuntchito, limene munkalisunga inu chifukwa iwo ankalisiya paliponse? Ndi limene linkawalowetsa kuchipatala cholipira chija, kwa dokotala wawo wakale amene wakhala akuwapatsa mankhwala a BP. Atapuma, akuntchito anawauza kuti khadilo ligwirabe kwa miyezi ingapo, kenako lidzatsekedwa, ndipo asamukire kuchipatala cha boma komwe mankhwala ndi aulere komanso achikulire amawatsogoza pamzere. Ine ndi achimwene tinapangana kuti akalembetse kubomako khadi lisanatsekedwe, kuti pasadzakhale tsiku loti agone osamwa mankhwala. Ndinawaimbira mpaka khutu lawo linatentha. Anapitadi, ndipo madzulo ake anandionetsa kabuku katsopano pafoni, atavala jekete lawo la misonkhano lija. Ine ndinati khalas, monga anenera kuno, nkhani yatha.

Sinathe, amayi. Patapita masabata angapo anayamba kudandaula chizungulire. Akati adzuke pampando, nyumba yonse kuzungulira. Achimwene ankati ndi ukalamba. Azakhali ankati ndi kukhala kopanda chochita. Ena m'mudzi anayamba kale kunong'ona kuti munthu akalandira penshoni sakhala opanda omuchitira nsanje. Ndiye Lamlungu lina, ataimirira kutsogolo kuti awerenge zolengeza za mpingo, anangoti khu! pansi, pepala lili m'manja.

Apa sindikubisirani, ndinalira ngati kamwana. Inu munapita ine ndili kuno, ndinafika mwambo wonse utatha, n'kungopeza mtumbira. Nditamva za abambo ndinati basi, zabwereranso, nawonso andizemba ndili m'dziko la eni ndikusamalira kholo la wina. Tsiku limenelo tiyi ndinathiramo mchere.

Kuno tikamapita ndi mayi aja kwa dokotala timanyamula mankhwala awo onse m'kathumba, ngakhale otsala a chaka chatha. Ndiye ndinawauza achimwene kuti asese m'chipinda cha abambo, chilichonse chooneka ngati mankhwala apite nacho kuboma. Mukudziwa zimene anapeza? Mapiritsi oyera a m'kabokosi, ochokera kwa dokotala wakale. Mapiritsi achikasu a m'kapulasitiki, ochokera kuboma. Ndi timabuku tachipatala tiwiri, kalikonse kosungidwa pakepake mwaulemu. Dokotala wa kuboma, mnyamata wofatsa, atayang'ana anangogwira pakamwa. Anali mankhwala amodzimodzi, kusiyana mtundu ndi kumene anapangidwira basi. Abambo ankamwa oyera m'mawa, achikasu madzulo, ndipo BP inatsika mpaka kupitirira muyeso.

Nthawi yonseyi n'kuti akupitabe kwa dokotala wakale mwezi ndi mwezi, osauza munthu. Kuboma sananene kuti ali ndi wina, kwa wakaleyo sananene kuti alembetsa kuboma.

Nditawafunsa chifukwa chake, anakonza kukhosi ngati akuyamba msonkhano wa alimi. Anati, "Mwana wanga, munthu wakusamala zaka zonsezi, ungakamuuze bwanji pamaso kuti ndapeza wina? Nanga watsopanoyu, mwana waulemu chotere, ndikamuuze kuti ndikupitabe kwina ngati sindikumukhulupirira? Ndinaona kuti ndizingomwa onse kuti pasakhale wodandaula."

Ndinati, "Abambo, inu amene munakana mitala moyo wanu wonse, mwakaiyambira kuchipatala? Mpaka kugawa bwino, uyu m'mawa, uyu madzulo?"

Anaseka mpaka kutsokomola, nane ndinaseka misozi ili m'masaya. Ndinakumbukira mmene munkawauzira akalonjeza kukapezeka kumaukwati awiri tsiku limodzi, kuti bambo a Yohane, mapanga awiri avumbwitsa. Ndinawabwerezera mawu omwewo ndi kamvekedwe kanu komwe. Anati ndisamawaopseze, mawuwo akumveka ngati mwabwera.

Ulemu wa abambo mukuudziwa. Ndi anthu oti akapondedwa phazi mu minibasi amapepesa ndi iwo. Inu munkawaimira pa zinthu ngati zimenezi, munkalowa nawo kwa dokotala n'kunena zonse zimene iwo akuzungulira nazo. Ife tinakonza za khadi ndi kabuku, koma tinaiwala kuti pakamwa pawo munali inu.

Pano zinthu zalongosoka. Dokotala wakale analemba mbiri yonse ya matenda awo n'kuitumiza kuboma, ndipo tsopano kabuku n'kamodzi, mapiritsi ndi achikasu okha. Achimwene ndi amene amalowa nawo. Koma abambo anakana kuti chibale chithe ngati cha pamsika, anati akatsanzike mwamwambo. Anapita ndi tambala m'manja ndi kathumba ka mtedza. Akuti dokotalayo anayamba wawakalipira kaye ngati mwana wasukulu, kenako analandira tambalayo akuseka, odwala pamzere n'kumaombera m'manja. Chizungulire chinatha. Ayambanso kupalasa njinga, ndipo akuzungulira m'minda ya anthu kuwauza kuti mizere yatalikirana, ulangizi waulere woti palibe anaupempha.

Ndikanathera pomwepa, koma dzulo masana ndinawaimbira ali okha pakhonde. Tinacheza za mbuzi, za mtengo wa feteleza. Ndiye anati, "Esinati, zaulemu zija n'zoona, koma si zokhazo. Pakhonde la chipatala cholipira chija pali benchi limene ndinkakhalapo ndi mayi ako tikamadikira kuitanidwa, miyezi yawo yomaliza ija. Ankakhala chakukhoma kuti atsamire. Ndikapita ndimakhala pamalo panga, pawopo ndimaikapo chipewa. Nanga khadi likatsekedwa, ndizikalowa kumeneko ngati ndani?"

Ine ndinkawerengera mapiritsi, osadziwa kuti munthu akupita kukakhala nanu.

Nditapukuta m'maso ndinawauza kuti khadi ndi la mankhwala, benchi silifunsa khadi. Achimwene anakalankhula ndi dokotala wakale uja madzulo omwewo, ndipo iye anati abambo azibwera tsiku lililonse limene afuna, bola asatuluke ndi piritsi ngakhale limodzi. Abambo atamva anati ayi, apo ndiye zamveka.

Tchuthi changa chili mu Disembala, ndipo abwana avomera kale. Ndikulonjeza kuti ndikangofika, ndisanapite n'komwe kukazonda abale, ndidzawatenga abambo tipite limodzi kuchipatalako tonse tili bwinobwino. Ndidzakhala mbali inayo, chakukhoma tidzakusiyirani.

Ndimakukondani, amayi, ndipo ndakusowani kwambiri. Amuna anu tikuwasamala, inu pumulani.

Ndine mwana wanu,
Esinati