Filimu ya Depite, Nkhosa ya Amayi

Lachitatu, 5 Juni

Tayamba. Ine Ngoné Diagne, wojambula maukwati a eni ake mu Rufisque muno, lero ndasanduka mwini filimu. Wolemba nkhani ine. Wogwira kamera ine. Maikolofoni ndamangirira kumtengo wa chokolopera.

Osewera awiri. Woyamba a Tonton Biram, aneba athu, anapuma ntchito kunjanji. Amati kale ankachita zisudzo mpaka akazi kukomoka. Mboni zonse zinamwalira. Wachiwiri ndi Depite, nkhosa yathu yamphongo, yoyera mbuu, banga lakuda kudiso lamanzere. Dzinali anamupatsa ndi Amayi, ati ali ngati phungu wa kunyumba ya malamulo: kudya, kugona, kukuwa akamva njala. Anamugula ali kamwana chaka chatha, ati akule adzakhale nsembe ya Tabaski ya chaka chino, chikondwerero chathu chachisilamu chozinga nkhosa. Depite wakuladi. Amayi tinawaika m'manda mu Novembala.

Nkhani ya filimu: mkulu wina zamukanika kuzinga nkhosa yake tsiku la Tabaski. Atsegula khola, ulendo wa kunyanja awiriwiri. Chithunzi chomaliza ndikuchifuna m'mawa wotsatira chikondwererocho, tauni yonse ili zii, nkhosa zonse zili m'miphika, imodzi yokha ikulira pamchenga. Ndikatumiza kumpikisano wa ku Dakar. Mpango wodzavala polandira mphoto ndasankha kale.

Kavuto kamodzi. Tabaski ndi pa 17, ndipo Ababa sindinawauze kuti wosewera wanga akufunika wamoyo pa 18.

Lachisanu, 7 Juni

Padenga pathu pasimenti, pomwe pali khola, dzuwa lili ng'aa. A Tonton Biram abwera mumkanjo wawo wa paukwati, wowala mpaka kamera kudandaula. Ndinawapempha avale wong'ambika. Akuti, "Mwana iwe, azungu akandione ndili m'sanza? Ine ndili ndi apongozi."

Kulira amatha, koma amalira akuyang'ana kamera, diso limodzi likufunsa ngati ndaona. Ndabwereza mpaka batire kutha.

Depite wadya mapepala a nkhani. Wasankha tsamba lomwe mkulu uja amayankhula motalika za moyo ndi imfa. Ndinalilemba sabata yathunthu. Kunena zoona linali loipa, ndipo Depite yekha ndiye walimba mtima kundiuza.

Ababa anali pamkeka, akuphika tiyi wawo, akutiona. Mawu amodzi okha tsiku lonse: "Ndiye zimenezi ndi zomwe unakaphunzira ku Dakar?"

Sindinawauzebe.

Lamulungu, 9 Juni

Kunyanja. Tauni yonse inali kumeneko kusambitsa nkhosa, sopo ndi maburashi, aliyense akuyang'ana ya mnzake cham'mbali. Depite amadana ndi madzi, ndipo ine wolemba nkhani ndinaiwala zimenezi. Mufilimu yanga amayenda modekha kulowera kumafunde. Lero wakokera a Tonton Biram pamchenga ngati thumba la anyezi, kenako wandigunda kumbuyo. Ndagwera m'madzi chagada, manja m'mwamba, kamera yapulumuka. Ulemu wanga sunapulumuke. Mayi wina wogulitsa nsomba wafuula, "Jambulaninso, achemwali, ine sindinaone bwino!"

Masana pa mpunga wa nsomba ndawauza Ababa. Ndinakonzeka bwino. Ndinanena za luso, za mpikisano, za dzina la banja lathu kumveka kunja. Anandisiya ndimalize. Anachotsa minga pansomba n'kukankhira mnofu mbali yanga ya mbale, monga ankachitira Amayi. Kenako akuti, "Amayi ako sanagulire filimu nkhosa imeneyi. Ananena okha ya ndani ndi ya liti. Jambula msanga."

Mnofuwo ndinadya. Ndine munthu wopanda mfundo.

Lachiwiri, 11 Juni

Nzeru yatsopano: kugula nkhosa ina, izingidwe m'malo mwa Depite. Ndapita kumsika wa nkhosa ndi ndalama ya ukwati womwe ndinajambula mwezi watha. Wogulitsa wayang'ana m'manja mwanga, wandiyang'ana kumaso, wanditengera kuseri kwa mpanda. Kankhosa kotsokomola, nyanga ngati zala za khanda. Akuti, "Aka ndiye ka msinkhu wanu, mayi. Mukakakonda kakula." Ababa atati azinge kameneko, msewu wonse udzatiseka mpaka Tabaski ya chaka chamawa.

Ndaimbira mchimwene wanga Saliou ku Italy, ndimati andithandize kuwanyengerera. Chaka chinonso sabwera, mapepala ake sanatuluke. Wandimvera pang'ono, akuti, "Ngoné, imeneyo ndi nkhosa. Mchimwene wako ndine, ndipo sunandifunse n'komwe ngati ndadya."

Sanalakwe. Koma foni ndinadula ndine.

Pobwera ndagulira Depite masamba ouma a mtedza, thumba lodzaza. Ndikumunenepetsera mpeni ndi ndalama yanga yomwe.

Lachinayi, 13 Juni

Sitinajambule. A Tonton Biram akumva msana, chifukwa cha Lamulungu lija. Akuti wosewera mnzawo alibe khalidwe.

Ndakhala pakompyuta kufufuza zakale, ndimafuna Depite ali kamwana kuti ndiike koyambirira. Ndagwera m'ma Tabaski a zaka zam'mbuyo. Chaka chilichonse chithunzi chomwecho: Ababa agwada ndi mpeni, Amayi aika dzanja pamsana pawo, Saliou, asanapite ku Italy, wagwira phewa la Amayi, kuti madalitso a nsembe ayende mumzere wonse. Ine mulibemo. Ndinkati madalitso anga amandipeza kudzera mukamera. Ndipo chifukwa chokonda kuima kumbuyo, ati kuti chithunzi chikongole, Amayi ndili nawo msana wokhawokha. Mipango yawo yonse ndili nayo. Nkhope ayi.

Akwatibwi a eni ake ndili nawo mazana, mpaka ndolo ndi mano.

Ka Depite ndakapeza. Tsiku lomwe anafika, miyendo njenjenje, akukana kukwera masitepe. Kamera ili pa iye yekha. Kumbali kukuoneka dzanja la Amayi litagwira chingwe, ndi mawu awo: "Ngoné, siya chidolecho, bwera undigwirire kuno!" Kenako kuseka kwanga. Sindinasiye.

Ndatseka kompyuta, ndakwera padenga. Depite wandinunkhiza m'manja, wapeza mulibe kanthu, wandifulatira. Ndalira pamenepo ndithu, kulirira kumbuyo kwa nkhosa. Filimu ndi bodza langa chabe. M'nyumba muno chamoyo chomwe Amayi anasiya akuchidyetsa ndi manja awo ndi iyeyu, ndipo sindikufuna afe.

Loweruka, 15 Juni

Mipeni yapita kokanoletsa, yabwera. Anyezi, mbatata, mpiru wothira munyama, makala. Azakhali a Rokhaya afika kudzatithandiza, ayang'ana Depite, akuti, "Eee, koma chiwindi chake chidzakhala chachikulu." Ndinatuluka.

Masana Ababa atagona ndinachita za mufilimu yanga. Ndinamasula Depite. Nzeru yake: kukamubisa kwa mnzanga Yacine mpaka chikondwerero chidutse, zotsalazo tidzaona. Wakuba wanzeru akanakumbuka kuti nkhosayi masitepe imadana nawo chibadwire. Sitepe iliyonse kukoka, kukankha, kupempha. Iye kukuwa ngati ndikumuzinga kale. Tafika pansi thukuta lili kamukamu, ndapeza Ababa ali chilili pakhomo, atatsegula kale chitseko.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Akuti, "Ngati akufuna kukaona nyanja, pita naye. Chakudya chake ndimuikira."

Ndinazungulira naye mpaka pamzikiti. Anadya katoni ya munthu wogulitsa sopo, ndinapepesa. Kenako anatembenuka yekha n'kundikokera kunyumba. Mufilimu nkhosa imasankha ufulu. Uyu wasankha masamba a mtedza.

Lamulungu, 16 Juni

Chabwino. Ndasintha mathero. Ndidzajambula zenizeni: mpeni, dzenje, magazi, zonse. Oweruza a ku Dakar amakonda zowawa. Ndadziuza kuti ndiko kulimba mtima kwa waluso. Chilungamo chake n'chakuti kuseri kwa kamera zinthu zimaoneka zazing'ono, ndipo mawa ndikufuna zioneke zazing'ono.

Mabatire onse ndatchaja. Malo oima ndasankha, pafupi ndi thanki, kumbuyo kwa Ababa. Malo anga a chaka chilichonse.

Ababa amusambitsa okha Depite m'mawa, ndi sopo wonunkhira wa Amayi yemwe anatsala m'kabati. Sanandiitane. Sitikuyankhulana kwenikweni, "madzi ali kuti", "ali apo", basi.

Lolemba, 17 Juni

Zatha.

Ndilembe mwadongosolo, mwina mtima ukhala pansi. Ababa anabwera kuchokera kokapemphera, anavula mkanjo watsopano, anavala wakale. Tinamutsitsira pabwalo. Lero masitepe anatsika osavuta, chitsiru. A Tonton Biram anabwera kudzagwira miyendo, malaya ong'ambika omwe anandikanira aja, osayang'ana kamera ngakhale kamodzi. Azakhali anali kukhitchini ndi anyezi wawo. Ine pathanki, kamera kumaso, chithunzi chokongola kwabasi, kuwala kukugwera bwino paubweya.

Ababa anagwada. Anamutembenuzira kum'mawa, anamusisita pakhosi. Anatenga mpeni. Kenako anangokhala. Ndinaganiza kuti akupemphera. Kenako ndinaganiza, Mulungu andikhululukire, kuti filimu yanga ikuchitika yokha, mkulu uja zamukanika, ndipo ndinayandikitsa chithunzi kuti ndigwire bwino dzanja lawo.

Osatembenuka, akuti, "Ngoné, kumsana kwanga kulibe munthu."

Kamera ndinaiika pathanki. Sindikukumbuka ngati ndinazimitsa. Ndinapita, ndinaika dzanja pomwe ndaliona dzanja la Amayi zaka zonsezi, pansi pa phewa lamanja. Msana wonse unkanjenjemera. Masabata awiri ndakhala ndikuwayesa mwala, kumawaona akuphika tiyi, kumati mkuluyu alibe chisoni. Kunjenjemera kumeneko kamera sikanakuona. Ndinakanikiza dzanja. Anapuma kamodzi mwamphamvu, anatchula dzina la Mulungu, ndipo sanachedwetse.

Titasamba m'manja anayamba ndi iwo kupempha chikhululuko monga timachitira pa chikondwererochi, ine mwana ndisanatsegule pakamwa. "Undikhululukire, mwanangu." Ndinayankha zosamveka, mamina okhaokha.

Chiwindi ndinaotcha ndine, ntchito ya Amayi. Mbali imodzi chinapserera. Ndinalumbira sabata yonse kuti nyama ya Depite sindidzailawa. Ndadya kawiri, ndi anyezi wambiri. Anali wokoma, phungu wathu.

Mwendo umodzi ndakapereka kwa a Mendy, aneba athu achikhristu. Akuti, "Nanga filimu ija?" Ndati ikubwera.

Lachinayi, 20 Juni

Lachiwiri m'mawa ndinapitabe kunyanja ndi kamera. Zii yemwe ndinkamufuna uja analipo, tauni yonse yopanda nkhosa yolira. Ndinajambula mchenga. Palibe woweruza angapereke mphoto pa mchenga.

Zomwe kamera inajambula pathanki paja ndaziona. Sindinazimitse. Khoma, theka la ndowa, ntchentche imodzi. Chithunzi chopambana cha moyo wanga, ndipo ndinachilozetsa kukhoma. Kumpikisano sinditumiza kanthu. Mpango uja ndidzavala paukwati wa Loweruka, ndikukajambula mwana wa eni ake.

A Tonton Biram akufuna zithunzi zawo zolira, ati akaonetse apongozi.

Padenga sindinakwereko. Ababa akwera kamodzi, atsika ndi mbale yake yodyera, aitsuka, aiika m'kabati.

Dzulo atatha tiyi akuti, "Tandionetsa nkhosa yako ija." Ndinabweretsa kompyuta pamkeka. Depite akudya mapepala anga, anaseka. Depite akukoka a Biram pamchenga, anaseka mpaka kutsokomola, ati ndibweze. Ine kugwa m'madzi mulibe, koma anandikumbutsa okha. Kenako osaganiza ndinatsegula ka tsiku lofika kaja. Kankhosa pamasitepe, dzanja ndi chingwe. "Ngoné, siya chidolecho, bwera undigwirire kuno!"

Ababa anasendera pafupi ndi kompyuta. Kapu ya tiyi ili m'manja, osamwa. Chimwalirireni sanamvepo mawu a Amayi, ndipo ine ndinali nawo m'kompyuta muno nthawi yonseyi, pakati pa maukwati.

Atapukuta kumaso ndi mkono wa mkanjo akuti, "Mwana uyu ukamutuma amamva patatha chaka." Kenako, "Bweza."

Ndinabweza. Ndinabwezanso. Lero ndawaphunzitsa podina kuti azibweza okha, koma chala chawo chikumadina pena, chithunzi n'kuthawa. Apa ndimati ndikonze mabatire a Loweruka, koma akuitananso kuchokera pamkeka, ati Amayi ako asowa, bwera undigwirire kuno.